Mkamwini Sadzala Mtengo

Tsiku limene ndinkalowa chikamwini kwawo kwa Nachisale, malume anga anandikokera kuseri kwa khola la mbuzi n'kundiuza mawu atatu basi: mkamwini sadzala mtengo. Anati lima, manga nyumba, bereka ana mmene ungathere, koma chinthu cha mizu yodutsa chaka chimodzi chileke. "Tsiku limene mkaziyo adzakukane kapena kutisiya, abale ake adzakusudzula. Udzachoka ndi bulangete ndi khasu lako. Mtengo sudzausenza pamutu, mphwanga."

Ine ndinangogwedeza mutu. Amayi anga ankanena kuti makutu angawa anawaika kuti chipewa chisamatsetsereke, osati kuti ndizimvera. Ndinakulira pa nazale ya mitengo ku Dedza, kuthira dothi m'machubu kuyambira ndili wamng'ono, ndipo munthu wotere kumuletsa kudzala n'chimodzimodzi kuletsa nkhuku kupalasa.

Mwana wathu Tiyamike atabadwa, ndinabwera ndi mbande ya mbawa pa njinga. Alamu anga a Binwelo, mchimwene wake wa Nachisale, anandiona ndikuitsitsa ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mwatopa ndi mlongo wathu yekha, tsopano mukufuna ndi malo omwe?"

Ndinachita manyazi, ndikanatha kubwerera nayo. Koma Nachisale, mwana ali kumsana, analanda khasu m'manja mwanga n'kuyamba kukumba yekha kuseri kwa nyumba, alamu akupenya.

"Bambo a Tiya, dzalani. Malo ano ndi a amayi anga, mawa ndi anga. Mtengowu ukakhala chilili, inunso muli pano. Amene akufuna kukuchotsani ayambe wadula mbawa."

Mawu amenewo ndinawasunga kuposa chiphaso cha ukwati. Kwathu kwenikweni malo anali atatha kale, alongo anga anagawana mpaka pachulu. Mudzi umene ndinali nawo padziko lapansi unali pamene panaima mbawa uja.

Fodya atayamba kutipusitsa ndipo nazale ija itatsekedwa, ndinapeza njira yopita ku Dubai kudzera mwa munthu wina wolemba anthu ntchito. Nthawi imeneyo mbawa unali utapitirira denga, Tiyamike ali ku pulayimale. M'mawa wonyamuka Nachisale sanalire. Anakumbatira thunthu la mtengo, zala zake zikukumana kuseri, n'kunena kuti, "Onani bwino. Mwezi uliwonse Tiya azidzandijambula chonchi. Zalazi zikadzaleka kukumana mudzadziwe kuti mwakhalitsa."

Ndinafika m'dziko la eni kuli ng'anjo. Kampani yathu inali yosamalira kapinga ndi maluwa, ndipo tinkagona pa kampu, anthu asanu ndi atatu chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana. Basi inkatitenga dzuwa lisanatuluke kukatitula ku Discovery Gardens. Dzina lokoma, eti? Ine chimene ndinatulukira kumeneko ndi mapaipi. Mtengo uliwonse uli ndi kapaipi kake patsinde, madzi akudontha pa nthawi yake, ngati odwala a mu wodi ali pa dripi. Mitengo imabwera pa lole ili ikuluikulu kale, n'kuitsitsa ndi kireni. Lero pali mchenga, mawa pali mthunzi. Ukauma amauzula n'kubweretsa wina, palibe wolira. Zinkandiwawa, ndisaname. Kwathu mtengo timaudziwa ndi mwini wake, kuti uwu anadzala ndi uje chaka cha njala.

Foromani wathu anali Rafiq, mkulu wa ku Pakistan, wa ndevu zopaka zofiira. Pakamwa pake sipankachoka yalla, yalla, kutanthauza kuti fulumirani, koma mtima wake unali wabwino. Tsiku lina basi itafa panjira, anandionetsa mtengo wotuwa uli wokhawokha pamchenga, masamba ang'onoang'ono ngati a msangu. Anati dzina lake ndi ghafu, mwini dziko. Palibe amauthirira, mizu yake imapita pansi kukafuna madzi kumene munthu sangakumbe, ndipo kuudula ndi mlandu. Ndinatsika n'kukaugwira khungwa. Anzanga ankandiseka kuti Mmalawi wapenga ndi dzuwa, koma kuyambira tsiku limenelo ine ndi Rafiq tinkagawana tiyi.

Zithunzi zinkabwera mwezi ndi mwezi. Nachisale atakumbatira mbawa, tsaya litatsamira khungwa, nthawi zina akuseka, nthawi zina atakwiya chifukwa Tiyamike wachedwa kujambula. Ndinkaona zala zikukumana movutikira, kenaka nsonga zokha, kenaka zinasiyana. Ndikapita pa livi ankandinena kuti ndimayamba kupereka moni kwa mtengo ndisanapereke kwa iye. Si bodza ayi. Ukatsika minibasi n'kukwera kamtunda ka ku chigayo, chinthu choyamba kuoneka m'mudzi monse chinali nsonga ya mbawa wanga. Tinafolera nyumba ndi malata, Tiyamike anamaliza sekondale, ine n'kumabwererabe. Chaka chilichonse ndinkati ichi ndiye chomaliza.

Patapita zaka, kampani inandichotsa ku mapaipi n'kunditumiza kunyumba ya mayi wina wachikulire wa ku Mangalande, kumbali ya kunyanja. Tonse tinkangoti Madamu. Amuna awo anamwalira komweko ku Dubai, mtembo n'kupita kwawo, koma iwo anatsala chifukwa mawondo awo sankagwirizana ndi chisanu. M'nyumbamo munali wantchito wina, Esinati wa ku Chipata, mayi wa pakamwa posatseka. Dzina langa sanafune kuliphunzira, ankangoti ba Malawi.

Chaka china Madamu anabwerako kwawo ndi kathumba ka njere m'chikwama cha m'manja. Zinali zosalala, zofiirira, zazitali ngati chala chachikulu, iliyonse itavala kachipewa. Anandiitana pakhonde n'kuzikhuthulira m'manja mwanga mosamala ngati mazira. Anati ndi njere za oki, anazitola pansi pa mtengo umene uli pafupi ndi manda a amuna awo. Akufuna umodzi wokha umere, aziuona akamamwa tiyi.

Ndinawafunsa kuti mtengowo umafuna chiyani. Ee, ndinaputa mavu! Anatulutsa mabuku a zithunzi, tinakhala mpaka tiyi anazizira. Oki ulipo wamitundumitundu. Wina umayoyola masamba onse nthawi ya chisanu, wina umakhala wobiriwira chaka chonse, wina khungwa lake ndi limene amapangira zotsekera mabotolo a vinyo, ndipo amausenda koma suuma. Wa kwawo kwa Madamu umakula mochedwa moti wodzala sakhala pamthunzi wake, amakhalapo ndi adzukulu a adzukulu. Ndinawauza kuti nafenso tili nayo yotero, mlombwa, muwanga, mbawa, ndipo ndinawaonetsa chithunzi cha Nachisale. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndiye kuti ndikumvetsa.

Rafiq atabwera kudzayendera ntchito anaziona njerezo n'kupukusa mutu. "Khalas, habibi, zatha izi mnzanga. Mtengo wa chisanu muno? Wafa kale uwu. Auze Madamu adzale ghafu." Ndinamuyankha kuti aone kaye manja a munthu wa ku Dedza.

Tinayamba n'kuziviika m'madzi. Zoyandama ndi zowola, zomira ndiye zamoyo. Zomirazo tinazikwirira mumchenga wonyowa m'kachitini n'kuziika mu firiji, kuti tizinamize kuti kwawo kwazizira. Tsiku lachitatu ndinamva Esinati akukuwa kukhitchini.

"Ba Malawi! Ivi ni vichani mu firiji yanga? Manje mwayamba kusunga doti pamodzi na chakudya? Nizazikazinga ine nshaba zanu izi!"

Ndinathamanga, chiwaya chili kale pamoto, akuti azikazinge ngati mtedza. Kuyambira apo ndinalemba pachitinipo ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo Esinati tsiku lililonse ankandifunsa ngati ana anga a mu firiji agona bwino.

Zinamera zisanu. Muzu ndi umene umayamba kutuluka, woyera, wolunjika pansi, choncho ndinadula mapaipi otsala kukhala miphika yaitali kuti usapindike. Masamba atatuluka ndinaitana nyumba yonse. Anali okhotakhota m'mbali, ngati mwana wawadula ndi sizasi posewera. Madzi a pampopi kumeneko amachokera m'nyanja, ndipo akafika amakhala ofunda, timitengo tinayamba kupsa m'mbali mwa masamba. Ndinatchera ndowa pansi pa eyakoni n'kumatunga madzi odontha aja, ozizira, opanda mchere. M'mawa ndinkatitulutsa kuti tione dzuwa, likangokwera n'kutilowetsa kuseri kwa chitseko cha galasi. Ngakhale ndinachita zonsezi, tinayi tinafa kamodzikamodzi. Kanatsala kamodzi, kofika m'bondo.

Lamulungu lina ndinapita ku mapemphero athu a Amalawi ku Oud Metha. Ankalalikira ndi mnzathu wina wolondera pa hotela, ndipo chifukwa panali alendo ankawerenga kawiri, m'Chingerezi kenaka m'Chichewa. Ankawerenga za munthu wakale amene anakhala pansi pa mtengo. M'Chingerezi ndinamva bwinobwino akuti oki. Atabwereza m'Chichewa anati thundu.

Abale, ndinatsala pang'ono kuimirira pakati pa ulaliki. Thundu! Mawu amenewa ndinayamba kuwamva ndili pamiyendo pa amayi m'tchalitchi cha kwathu. Ndinkaganiza kuti ndi mtengo wa kumwamba, kapena unatha kalekale pamodzi ndi aneneri. Osadziwa kuti ndi umene ndikuuthirira madzi a eyakoni mu paipi! Madzulo ake ndinatumiza voisi kwa Nachisale. Ndinati mayi a Tiya, mwamuna wanu akulera thundu weniweni, uja timamumva kutchalitchi. Anaseka, anati ndiye mudzalowa kumwamba ndi khasu lomwe. Kuyambira tsiku limenelo kamtengo kaja sindinkakaonanso ngati ntchito. Ndinadzikuza nako, ndivomere. Ndinkadziona ngati munthu wopatsidwa chinthu chopatulika.

Chaka chilichonse Madamu ankathawa kutentha mu Juni n'kubwerako mu Seputembala, ndipo livi yanga inkakhala nthawi yomweyo. Chaka chimenecho anandikhazika pansi. Anati kathundu sikanaonepo dzuwa la miyezi imeneyo, ndipo m'manja mwa wina aliyense kafa sabata imodzi. Anandipempha kuti nditsale, ndidzapite iwo akabwerako, adzandionjezera masabata. Sanandikakamize. Ndikunena izi kuti wina asawanenere zoipa mayi aja. Anapempha, ine n'kuvomera pomwepo, mtima uli m'mwamba.

Nachisale anali atanditumizira kale voisi masiku angapo m'mbuyomo. "Bambo a Tiya, chaka chino musasinthe, bwerani nthawi yanu yomwe ija. Mudzadye mbatata zisanathe." Mawu ake anali opyapyala. Nditafunsa anati ndi chimfine, kwayamba kuzizira. Ndiye ndinamufotokozera za pempho la Madamu, za dzuwa, za thundu, ndinalankhula ngati mphunzitsi. Ndinati miyezi itatu yokha, mbatata tidzagula pamsika.

Yankho linachedwa tsiku lathunthu. Litabwera linali lalifupi. "Chabwino. Kasamaleni kamtengoko. Nako n'kamlendo."

Ndinapita ku Bur Dubai kukamugulira nsalu yobiriwira ya maluwa agolide, yodula kuposa zonse zimene ndinamugulirapo, n'kupatsira mnzathu amene ankapita kumudzi. Ndinkaganiza kuti ndakonza mlandu.

Miyezi imeneyo munthu sutuluka panja masana. Mpweya umakhala ngati wa mu uvuni wa njerwa. Ndinkafika m'mamawa, kutulutsa kathundu mphindi zochepa, kukalowetsa, kupukuta fumbi tsamba lililonse ndi kansalu konyowa, kupima dothi ndi chala. Tsamba limodzi likachita chikasu sindinkadya. Mavoisi a kumudzi anayamba kufupika, ena wolankhula n'kukhala Tiyamike, akuti amayi ali kumunda, amayi apita kumaliro, amayi agona. Ine ndinkayankha ndi zithunzi za masamba.

Mu Julayi chithunzi cha mwezi chinabwera monga mwa nthawi zonse. Nachisale atakumbatira mbawa, akumwetulira. Ndinachionetsa kwa Esinati tikudya pakhonde la kukhitchini. Anatenga foni, anakulitsa chithunzi ndi zala, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ba Malawi, kwanu milisi imankala yobiriwira mu Julayi?"

Ndinayang'ana. Kumbuyo kwa Nachisale chimanga chinali chilili, chobiriwira, changayaye. Mu Julayi kwathu minda imakhala mapesi okhaokha, ng'ombe zikudya. Ndinati n'cha kudimba chimenecho. Esinati anangondibwezera foni.

Kuseri kwa nyumba yanga kulibe dimba. Ndinamanga ndekha nyumba imeneyo, ndikudziwa mwala uliwonse. Chithunzicho chinali chakale, cha nthawi ya mvula, ndipo ine munthu wodziwa kuwerenga tsamba, amene ndinkaona kachikasu kakang'ono pa mtengo wa mwini, ndinaona ndi maso angawa n'kudzinamiza ndekha. Ndikanaimba tsiku lomwelo n'kuumirira, Tiyamike akanaulula. Ndikanapeza mkazi wanga akupuma. Chimenechi ndiye chimandidya mpaka lero, ndipo palibe m'busa amene wakwanitsa kundichotsera.

Foni inalira mu Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, ndikulowetsa kathundu m'nyumba. Anali Tiyamike.

"Ababa, amayi atisiya."

Ndinafunsa kuti apita kuti. Mwana anangolira. Kenaka anafotokoza kuti inali khansa ya m'chiberekero, anaipeza mochedwa, kuchipatala anawabweza mvula isanathe. Anamulumbiritsa kuti asandiuze, akuti abambo ako ali kutali, angadzagwe pa ntchito ya eni.

Ndinali nditanyamulabe paipi ija. Ndinaikweza m'mwamba kuti ndiiphwanyire pa matailosi. Esinati anaima pakhomo manja ali kukamwa. Ndinakhala choncho, timasamba tikugwedera pamaso panga. Ndinalephera. Kanalakwa chiyani? Ndinakaika pamalo pake, n'kukhala pansi, n'kulira ngati mwana.

Pasipoti inali ku ofesi ya kampani, ndipo wosunga makiyi kunalibe. Rafiq anasiya ntchito yake, anandikweza galimoto, tinayenda ofesi ndi ofesi iye akumenya matebulo. Pomwe pasipoti ndi tikiti zinkapezeka, masiku anayi anali atadutsa. Maliro sadikira wa kutali. Ananditumizira chithunzi cha bokosi likutuluka m'nyumba, atalifunditsa nsalu yobiriwira ya maluwa agolide. Sanaivalepo n'kamodzi komwe. Pabwalo la ndege Rafiq anandikumbatira, ndevu zake zitanyowa, n'kungoti, "Sabar, bhai," kutanthauza kuti pirira, m'bale. Esinati anati ndipite, mwana wa mu firiji amusamala yekha.

Ndinatsika minibasi masana n'kukwera kamtunda ka ku chigayo. Ndinakweza maso mwachizolowezi. Panali denga la tchalitchi, panali mabulugamu a kusukulu, panali malata a nyumba yanga akuwala. Pamwamba pa malatawo panali thambo lokhalokha.

Chisoni chonse chinasanduka ukali. Ndinati ehee, malume ananena! Mkazi wanga sanathe sabata m'manda, andidulira kale mtengo kuti ndidziwe njira. Ndinadutsa anthu amene anali pabwalo osapereka moni, Tiyamike akundithamangira, ine molunjika kuseri kwa nyumba. Chitsa chinali pomwepo, chachikulu ngati tebulo. Nditachigwira ndinaona kuti n'chotuwa, chang'aluka ndi dzuwa, utomoni unauma kalekale. Sichinali cha sabata imeneyo. Anadula miyezi iwiri kapena itatu m'mbuyomo, Nachisale ali moyo, ali gone m'nyumba akumva nkhwangwa.

A Binwelo anabwera pambuyo panga. Ndinawagwira malaya pakhosi, ine amene sindinakwezepo mawu m'mudzi umenewo zaka zonsezi.

"Munalephera kudikira kuti atseke maso? Ndinakulakwirani chiyani ine? Malata awa, sukulu ya mwana, zonsezi sizinakwane kuti mundisiyire mtengo umodzi?"

Sanandikankhe. Anali atakalamba, maso ofiira ndi maliro. Anangochotsa manja anga pang'onopang'ono.

"Alamu, khalani pansi. Khalani pachitsa pomwepo."

Ndinakhala.

"Tsiku limene munamuuza mlongo wanga kuti simubwera mu Juni, m'mawa mwake anandiitana. Anati achimwene, kaitaneni ocheka matabwa. Ine ndinakana. Ndinati munthu sadzikonzera bokosi ali moyo, n'kudziitanira imfa kumeneko, ndiponso mtengowu ndi wa alamu. Anati imfayo yafika kale, ili pakhonde. Anati amuna anga sadzakhalapo kuti andinyamule, ndiye andinyamule ndi mtengo wawo. Masiku atatu tikukangana. Mukumudziwa mlongo wanga. Anthu tinawauza kuti tikufuna zitseko."

Ndiye kuti pansi pa nsalu yobiriwira ija panali mbawa wanga. Ndinaona chithunzi chija kambirimbiri m'ndege osadziwa.

Patapita nthawi ndinafunsa chimene chinatsala kufunsa. Ndinati nanga mwambo wosudzula mwaukonza liti, kuti ndidziwe pokonzekera. Mtengo wapita, mwini mawu wapita, ndinalibenso choimirapo.

A Binwelo anaimirira n'kundiuza kuti ndiwatsate. Tinalowa m'nyumba, kuchipinda chathu. Analoza kudenga. Pamwamba pa mitanda panali matabwa ofiira, osanjikizidwa bwino, pakati pa thabwa ndi thabwa ataikapo timitengo kuti mphepo izidutsa, ndendende mmene ndinamuphunzitsira Nachisale tikumanga nyumbayo.

"Mtengo unali waukulu, alamu. Matabwa anatuluka a mabokosi awiri. Ocheka ankafuna kugula otsalawa, iye anakana. Anatisonkhanitsa tonse, ine, azakhali, Tiya, n'kunena kuti awa ndi a bambo a Tiya. Anati munthu amene matabwa ake ali padenga pano si mlendo, musadzamusudzule, ndipo pambali panga musadzaikepo wina."

Ku Dubai sindinabwererenso. Madamu anandiimbira akulira, akupepesa, ndinawauza kuti palibe chimene analakwa. Kathundu kali moyo mpaka pano, akuti kafika m'chiuno, kamakhalabe kuseri kwa galasi. Esinati amanditumizira zithunzi nthawi ndi nthawi. Chithunzi chilichonse chimene munthu anganditumizire masiku ano, ndimayamba ndayang'ana zimene zili kumbuyo.

Ndimagona m'chipinda chomwecho, pansi pa matabwa anga. Kukatentha amanunkhira. Mwezi ukatha ndimakwera pampando, Tiyamike atagwirizira, n'kuwatembenuza limodzilimodzi kuti asapindike.